Polishi wa Apongozi

Anthu ankamutchula kuti Kaputeni, ngakhale chida chokha chimene anagwirapo m'moyo wake chinali makina ometera. Kuseri kwa shopu yake kunali kachipinda, ndipo m'menemo munali kabati ya magalasi yodzaza ndi mabaji a zipewa, mabatani a mkuwa ndi mamendulo a asilikali akale. Zonsezo zinali zothimbirira, ndipo ankazikonda choncho. Aliyense wolowamo ankalandira ulaliki womwewo: chinthu chakale sapukuta, kudako ndiye ulemu wake.

Pakati pa kabatiyo anasiyapo malo a baji ya apongozi ake, amene anali msilikali weniweni. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala akuipempha mozungulira, nkhalambayo n'kumangoti, "Tiona."

Tsiku lina mkazi wake anamuuza kuti, "Bambo akubwera kudzaona pamene baji yawo izikhala." Kaputeni anasesa kawiri, mpaka anavala tayi.

Apongozi atafika, anawalowetsa m'kachipindamo, n'kuwatsegulira kabati. Mwatsoka kunabwera kasitomala wa ndevu zambiri, wa nkhani zambirinso. Ali mkati mometa, Kaputeni anamva kafungo ka polishi. Anamusiya munthuyo ndi thovu kumaso.

Anawapeza apongozi atapinda malaya, kansalu kali m'manja, kachitini ka polishi kamene anabwera nako m'thumba kali pabondo. Theka la kabati linali litawala ngati mapoto atsopano. Mdima wa zaka makumi asanu ndi atatu unali utasamukira pa kansaluko. Kaputeni anafuna kulira, koma apongozi sawakalipira.

"Bambo," anatero ndi mawu ang'ono, "zimenezi... akatswiri amati tisamapukute."

"Akatswiri a gulu liti?" anafunsa apongozi osadzutsa mutu. "Mwini wa batani ili akanafika nalo chonchi pa perete, akanathamanga dzuwa lonse, chikwama chili kumsana. Eni ake a zinthuzi anapita, mkamwini. Sangapukutenso okha."

Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa baji ija. Inali itaperepeseka ndi kupukuta, moti zilembo zake zinkangooneka patalipatali. Kwa akatswiri aja inali yowonongeka kale.

"Manjawa ayamba kunjenjemera," anatero. "Loweruka lapitali ndinaigwetsa kawiri. Ndikufuna munthu woti aziisamala mlungu uliwonse, monga ndachitira ine chiyambire ndili mnyamata. Ngati kuno simupukuta, nenani, ndikafunse kwina."

Kaputeni anayang'ana mabaji akuda amene anapulumuka, kenako manja a nkhalambayo, amene ankanjenjemeradi. Chisoni chinamugwira, ndipo sichinalinso cha mabatani. Kunja kasitomala ankakuwa kuti thovu likuuma.

Anakoka mpando, n'kulandira kansalu kaja ndi manja awiri.

"Timayambira m'mphepete kapena pakati, bambo?"