Bambo Ake a Kalaliki

Anzawo ankawatchula kuti a Sindipempha, poti chibadwire anali asanatambasulirepo munthu dzanja. Koma chaka chimenecho matalala anagwa chimanga chitangomasula, munda wonse n'kukhala ngati mwagona ng'ombe. Boma litalengeza kuti alimi onse okhudzidwa alandira ndalama zowathandiza, mkuluyu anakanitsitsa.

"Ine ndikaime pamzere? Pamaso pa mwana wanga yemwe?"

Mwana wawo wachisamba, wamkazi, ndiye anali kalaliki ku ofesi ya zaulimi, ndipo ntchito yopereka ndalamazo inali m'manja mwake.

"Manyazi anapha lambe," anatero akazi awo, akuwaponyera jekete. "Mbewu tikagula ndi dzina lanulo?"

Anapalasa njinga akung'ung'udza. Anapeza mzere utayambira pakhonde la ofesi mpaka kukakhota pampanda. Pawindo ankamuona mwana uja ali patebulo lopendekeka, mwendo umodzi atauchirikiza ndi katoni. Mlonda atawazindikira anakuwa.

"Aaa, bambo awo a bwana! Dutsani kuno, musapse ndi dzuwa."

Anali atafika kale pamasitepe pamene kalaliki anatulukira pakhomo, cholembera chili m'manja.

"Ababa, pepani, bwererani pamalo panu. Anthuwa abwera kale."

Mzere wonse unaphulika kuseka. "Kulera n'kutaya!" anatero wina. Mkuluyu anabwerera nkhope itagwa, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso. Mumtima anali atalumbira kuti akafika kwawo akamunenera mwanayo kwa mayi ake.

Mzere ukusendera, iwo maso anali pawindo. Kunabwera mwini chigayo pagalimoto, n'kulowa osagogoda, makiyi akuwalizaliza pachala. Sanakhalitse. Anatuluka akupukuta thukuta, n'kukaima kumapeto kwenikweni, kumbuyo kwa mayi wogulitsa tomato. Kenako kunalowa mdala wina wogontha amene sankamva zoti adinde chala. Kalaliki anadzuka, n'kuzungulira tebulo, n'kugwada pambali pake kumufotokozera kukhutu mpaka mdalayo anagwedeza mutu.

Mayi wina wobereka mwana, amene anali atangofika kumene, anaomba m'manja pang'ono.

"Koma mtsikana ameneyu analeredwa. Kaya makolo ake ndi ndani?"

A Sindipempha anakankhira chipewa kumbuyo, n'kutsokomola.

"Ndi wanga ameneyo," anatero. Ataona kuti akumpanda sanamve, anabwereza mokweza. "Ndati ndi wanga! Fizi yake ya sukulu inatuluka m'munda womwe wawonongekawu."

Nthawi yawo itakwana anakhala pampando mowongoka ngati mlendo wolemekezeka.

"Dzina lanu, bambo?" anafunsa kalaliki, nkhope ili gwa.

"Lomwe uli nalo iwelo."

Mwana uja analuma mlomo kuti asaseke. Anawasonyeza posaina, n'kuwapatsa envulopu ndi manja awiri.

"Mugule mbewu yocha msanga, ababa," ananong'ona. "Wotsatira!"

Anaigula madzulo omwewo pasitolo yoyang'anana ndi ofesi, n'kumangirira thumba pakaliyala. Njingayo sanaikwerenso. Ankangoikankha, ndipo aliyense wokumana naye panjira ankamuimitsa kumufotokozera mmene mwana wawo anawabwezera pamzere, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Pofika pakhomo, akazi awo anali atayimva kale nkhaniyo kwa oyandikana nawo, koma anawakokera mpando n'kuwasiya kuti ayiyambenso pachiyambi.