Mbalame za pa Paipi

Kwathu kuno mvula ikagwa usiku wonse, sitithamangira kukasambira m'mawa. Kumapeto kwa gombe kuli paipi yaikulu imene imalavulira m'nyanja zonyansa za m'zimbudzi ngalande zikadzaza. Chikwangwani cha khonsolo chimachedwa kuchenjeza, koma mbalame zoyera za kunyanja sizichedwa. Zikaunjikana pakamwa pa paipiyo, ndiye kuti madzi aipa.

Wondionera mbalamezo anali mwamuna wanga Denzil. Iye madzi ankawaopa ngati mphaka. Ankangoima pawindo, tiyi ali m'manja.

"Kerensa, abale ako aja afika paphwando. Lero khala pansi, nkhalamba iwe."

"Nkhalamba ndani? Iwe wosamba m'beseni ngati mbatata?"

"Mbatata imeneyi sinatsegulepo m'mimba!"

Denzil tinamuika m'manda chaka chatha. Anzanga osambira nawo anasamuka mmodzimmodzi, ndipo nyumba zawo anagula anthu a ku London amene amabwera nyengo yotentha yokha. Maso anga nawo achita ng'ala. Tsiku lina ndinalowa m'madzi oipa osadziwa, ndinagona m'chipatala. Mwana wanga Lowenna sanabise mawu pafoni.

"Amayi, zikachitikanso ndikubwera kudzakutengani. Kuno ku Bristol bafa lilipo, losefukira bwinobwino."

Lachiwiri mvula inakata mbandakucha. Ndinatsika ndi thaulo paphewa, ndi kuika nsapato pakhoma la gombe, monga timachitira kuti wodutsa adziwe kuti m'madzi muli munthu. Wodutsa wake panalibe. Makatani a nyumba zonse anali otseka.

Ndinayang'ana kupaipi. Kunali mbuu, thambo ndi madzi zosasiyana. Ndinadikira kuti mwina wina atulukira ndi galu ndimufunse. Mapazi anayamba kuchita dzanzi pamchenga. Thupi linkafuna madziwo, kuzizira kuja kumene kumandikumbutsa kuti ndikadalipo. Ndinasendera mpaka thovu linandinyambita zala.

Kenaka mphepo inatembenuka. Kuchokera kumapeto kwa gombe kunabwera phokoso, mbalame zikukangana, kulimbirana, kulalatirana ngati pamsika. Zaka zonsezi ndinali ndisanazitchere khutu, poti wondionera analipo.

"Ndamva, mbatata iwe," ndinatero.

Ndinabwerera kukhoma, ndinakutumula mchenga kumapazi, ndi kuvala nsapato zanga. Pokwera mtunda thaulo linali louma paphewa. Kunyumba ndinatsegula windo la Denzil lija pang'ono, kuti mawa ndidzamvere ndili m'nyumba.