Utoto wa Fortunate

Fortunate Mbewe atabwerera ku Chiparamba ndi digiri yake yachitatu, abale anasonkhana kuti amve matenda amene azichiza. Iye anawauza kuti si dokotala wa jakisoni. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akupanga utoto.

"Utoto?" anafunsa azakhali ake, a Mainess. "Wa nsalu kapena wa nyumba?"

Fortunate anafotokoza kuti utotowo amaudonthetsera pa maselo a m'thupi, ndipo akauunika ndi tochi yapadera umawala. Ukakumana ndi mafuta umafiira, pamene pali thukuta kapena madzi umabiriwira. Ofufuza amaonera pamenepo zimene zikuchitika m'kati mwa selo.

"Sukulu ndi yabwino ndithu," anatero a Mainess. "Ife osaphunzirafe dayi timangogula ku msika wa Kapata, osakwera ndege."

Lachinayi Fortunate anayenera kukaonetsa ntchito yake kwa akatswiri a mulabu yofufuzira ku Chipata. Lachitatu masana, pochokera kudimba, anapeza kabotolo kake ka utoto pawindo mulibe kanthu. Panja a Mainess anali kufinya duku lawo losuluka m'beseni.

"Azakhali, mwatani?"

"Ndimati ndikulimbikitse, mwana wa achimwene. Koma taona, silinasinthe n'komwe. Azungu anakupusitsa."

Fortunate anakhala pansi. M'kabotolomo munali ntchito ya miyezi inayi, ndipo kena analibe. Analira pang'ono, a Mainess akumutonthoza kuti asadandaule, ngakhale ana anzeru amalephera.

Duku litauma, Fortunate analowa nalo m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi windo, n'kuyatsa tochi yake. Nsalu inayaka. Pakati, pokhudza tsitsi, panafiira kuti psuu ndi mafuta odzola. M'mbali, podutsa pamphumi, munali mzere wobiriwira.

A Mainess anasuzumira, n'kubwerera m'mbuyo.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Apa ndi mafuta anu, apa ndi thukuta."

"Ndinachapa dzulo ine!"

"Utoto ukuti ayi."

"Basi anakuphunzitsa kupanga mankhwala a miseche. Zimenezo Sesiliya wa kukwaya amachita bwino, ndipo analekeza giredi faivi."

M'mawa Fortunate anakwera minibasi ndi duku m'chikwama. Mulabu anthu anakankhana kuti aone, mkulu wawo n'kufunsa kuti nzeru yoonetsera pa nsalu anaitenga kuti.

"Anandithandiza ndi munthu wina kwathu," anayankha.

Fortunate atafika kunyumba, a Mainess analanda duku lawo, n'kufunsa ngati anatchula dzina lawo. Atamva kuti ayi, anakwiya mpaka Lamlungu.