Nyumba ya Phulusa ya a Luckson

Tsiku limene amuna anga, a Luckson, anabwera kuchokera ku Blantyre ndi mapepala a ngongole za nyumba, sanandipatse n'komwe moni. Anatsika kabaza akuseka okha, n'kulunjika kukhitchini kukatapa phulusa ndi beseni langa lochapira.

"Mayi a Thandie, bweretsani chingwe! Lero timanga!"

Ine ndine Iness wa ku Thambani, ndipo ndakhala ndi bambo amenewa zaka khumi ndi zinayi, koma misala yotereyi ndinali ndisanaione. Ntchito yawo ndi ya manachesi. Amagula m'minda n'kukapikulitsa ku Blantyre, ndiye ndalama timaiona kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Miyezi inayo timangoyang'anana.

Mapepala anali awiri. La kubanki linali lonyezimira, lili ndi chithunzi cha nyumba ya matailosi ndi banja loseka mano onse pamtunda. Ngongole yake inali yaikulu, yobweza mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo chikole chake anali malo omangapo nyumbayo. Linalo linali la SACCO ya alimi ya ku boma, fotokope yotuwa: ndalama yochepa, yopatsidwa pang'onopang'ono, yobweza nthawi yokolola. Limeneli a Luckson analipinda n'kuliponya m'thumba lakumbuyo.

Anayamba kujambula nyumba ya kubankiyo pansi, kuseri kwa nyumba yakale ya malemu bambo anga imene timagonamo. Ine ndinagwira chingwe, iwo akuwaza phulusa. Zipinda zogona zinayi. Balaza. Bafa ya m'nyumba. Garaja, chonsecho ife tili ndi njinga yakapalasa imodzi, yopanda mabuleki. Khonde linakathera pakhola la mbuzi za amayi.

Mudzi sukhala ndi chinsinsi. Mng'ono wanga Enelesi anafika, n'kuima pamene panajambulidwa chitseko.

"Odi kuno, alamu!"

"Lowani, koma muvule nsapato, ndangokolopa kumene!"

Anavuladi! Anthu ena anabwera, nawonso kuodira, nawonso kuvula. Mayi wina atalumpha mzere, a Luckson anakuwa kuti, "Mwadutsa pakhoma, ndinu mfiti kodi?" Musaganize kuti ine ndinali wanzeru kuposa iwo. Ndinagona chagada m'chipinda chathu kuyesa bedi, ndipo ndinakangana ndi Enelesi za poika filiji pamudzi wopanda magetsi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndinali wosangalala ngati tsiku la chinkhoswe.

Kenaka anafika malume anga, a Laston, mwini mbumba yathu, munthu wanthabwala. Njinga yawo anaiimika bwinobwino m'garaja, n'kupempha mpando pabalaza. Anavala magalasi awo a mwendo umodzi, n'kuwerenga pepala lonyezimira lija kwinaku akusenda nachesi.

"Akamwini, nyumbayi ndi yabwino zedi. Koma apa akuti chikole ndi malo. Malo ake ati?"

"Omwe ano, malume."

"Aa! Nthaka ino ndi ya mbumba. Ndi ya Iness, ya Enelesi, ya ana awo aakazi. Mukadzalephera kubweza mu Febuluwale, manachesi ali osapsa, ndikawauze chiyani alongo anga? Kuti mkamwini wakoleza mudzi kubanki?"

Ananena moseka, opanda njiru, ndipo ankanena zoona. Koma anthu anayamba kufunafuna nsapato zawo. A Luckson anaika beseni pansi n'kupita kukakhala pafupi ndi khola.

Ndinawatsatira ndi pakamwa panga posatsekapa. Ndinawauza kuti asiye matama, titenge ngongole ya SACCO yomwe siifuna nthaka, imangofuna masheya ndi mboni ziwiri, timange kanyumba kathu pompano basi.

"Nkhani si kukula kwa nyumba, Iness."

Anthu awa sanditchula dzina wamba, ndiye ndinakhala pansi.

"Bambo anga anamanga nyumba ya njerwa zootcha kwawo kwa amayi ku Kanduku. Amayi atamwalira, litangotha tsiku lometa, abale a amayi anawapatsa mphasa ndi njinga n'kuwaperekeza pamsewu. Ndinaona ndi maso angawa. Iwe ukadzatsogola, ine ndidzatuluka pano ndi chikwama. Pepala la kubanki lili ndi mzere wolembapo dzina la mwini nyumba. Ine ndimafuna mzere umenewo."

Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndimagona pafupi ndi munthu wamantha, ine n'kumangoti ndi wamatama.

Ndinapisa dzanja m'thumba lawo lakumbuyo n'kusolola fotokope ija. Nayonso inali ndi mzere wa mwini nyumba! Ndipo m'munsi mwake, mmene a Luckson sanawerenge chifukwa munalibe chithunzi, analemba kuti gawo loyamba la ngongole munthu angathe kugulira puloti. Ya ku boma sitikanaikwanitsa. Koma aliyense ankadziwa kuti a Timoti atelala akugulitsa kamalo kuseri kwa msika wa Thambani.

Ndinathamanga kubwerera kwa malume, omwe anali akadali pabalaza ndi nachesi lachitatu. Ndinagwada.

"Malume, ndikupempha chitengwa. Amuna anga anditenge, tikamange pamalo ogula."

"Chitengwa amapempha mwamuna, mwana iwe!"

"Ndikuwapemphera. Iwo atanganidwa, akulira kukhola."

"Ndiye akutengera kuti? Ku Kanduku?"

"Kuseri kwa msika."

Malume anaseka mpaka magalasi anagwa. "Chitengwa choyenda mphindi khumi! Chabwino, koma mwambo ndi mwambo. Tambala pano!"

A Luckson anamva ali kukhola komweko. Sindinaonepo bambo wa ana atatu akuthamanga choncho. Tambala analowa m'bafa, iwo pambuyo, anatulukira pakhoma la chipinda cha alendo, iwo pomwepo, Enelesi akululutira, phulusa lili koboo. Anamugwirira m'garaja, pansi pa njinga ya malume, n'kudzagwada naye atatuwa mpaka nsidze.

Lolemba tinakwera pikapu ya ku boma. Mlembi wa ku SACCO anafotokoza zonse pang'onopang'ono: choyamba puloti ndi maziko, kenaka khoma, denga pomaliza. Zipinda ziwiri ndi balaza, osapitirira. Kubweza mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo mu Febuluwale palibe wodzatigogodera. A Luckson ankangovomera "eya, eya" mlembiyo asanamalize n'komwe kuyankhula, maso ali pafomu.

Atawapatsa cholembera, anapukuta dzanja pathalauza kawiri. Analemba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu, kudzaza mzere wonse, kusefukira m'bokosi la nambala ya foni, ndipo pomaliza cholembera chinaboola pepala.

"Bambo, mwaononga fomu," anatero mlembi. "Nanga amayi alemba pati?"

Anatulutsa ina. Pa imeneyo a Luckson analemba mwaulemu, n'kundipatsa cholembera kuti ndilembe langa pambali. Yoonongekayo mlembi anafuna kuiponya m'bini, koma ndinaigwira m'mwamba.

"Iyi tipita nayo, achimwene."

Pobwerera tinakhala kumbuyo kwa pikapu, pamwamba pa matumba a feteleza a eni ake.  Mpaka ku Thambani, a Luckson anangogwira fomu yobookayo ndi manja awiri kuti isauluke, akuwerenga dzina lawo.