Mtanda wa Dzulo

"Uwu si ufa," anatero bambo anga, uku akufinya paketi ya ufa ndi zala. "Uyu ndi laimu wopaka kukhoma."

Tinali pakona ya sitolo yaikulu, kuseri kwa mashelefu a shuga ndi mafuta ophikira, komwe anthu safikafika. Kumeneko ndi komwe amaika zinthu za ife a mimba zovuta. Shelefu yake ndi yapansi, moti kuti uwerenge zolembedwa pamapaketi uyenera kunjuta. Bambo ananjuta, mawondo akulira, magalasi ali pansonga ya mphuno, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Ufa wa mpunga. Ufa wa mbatata. Nanga ichi cha dzina lopinda lilime ndi chiyani? Kabanzi, ukufuna kudya buledi kapena mankhwala?" Kabanzi ndi dzina limene amandiitanira kuyambira ndili mwana.

"Ndikufuna kudya buledi wanu, Bambo."

Anangotembenuza paketi ija n'kumawerenga mbali ina.

Bambo anga agwira ntchito kubekale moyo wawo wonse. Pa nkhani ya ufa amalankhula mpaka womvera kutopa, koma zina zonse amazinena ndi buledi. Ndikakhoza mayeso ndili mwana, ankabwera ndi buledi. Tikayambana, m'mawa mwake ndinkapeza banzi lotentha pambale yanga, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Nditasamuka pakhomo n'kukakhala ndekha m'nyumba yapamwamba, Loweruka lililonse m'mawa ankakwera masitepe atapanira buledi kukhwapa, atamukulunga m'nsalu. Ankamuika patebulo, n'kumwa tiyi, n'kudandaula za masitepe, kenaka n'kumapita. Kucheza kwathu kunali komweko, ndipo ine kunkandikwanira.

Ndiye kunabwera nkhani ya dokotala. Ndinali nditavutika kwa nthawi yaitali ndi kutupa m'mimba, kuchepa magazi ndi kuwonda kosadziwika bwino. Atandiyeza zambirimbiri, dokotala anandiuza kuti thupi langa limadana ndi gluteni, chinthu chomwe chimapezeka mu tirigu, chomwe chimachititsa kuti mtanda wa buledi uzitamuka. Anati ndisayerekeze ngakhale nyenyeswa. Sefa, mpeni, thabwa lodulirapo, zonse zikhale zangazanga.

Nditawafotokozera bambo, anafunsa kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi amene ndimakudwalitsa ndine?"

Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti asiye zimenezo. Koma Loweruka lotsatira sanabwere, ndipo linalo sanabwerenso. Nditafunsa amayi pafoni, anandiyankha mosabisa kuti, "Bambo akowa sadziwa kukwera masitepe chimanjamanja."

Ndinawasowa kwambiri. Loweruka m'mawa ndinkapezeka ndatereka madzi a anthu awiri, makutu ali kukhomo. Thupi linayamba kubwerera, masaya anadzaza, anzanga kuntchito ankati ndawala, koma ine mumtima munali zii. N'chifukwa chake nditamva kuti m'sitolo ina mumapezeka ufa wosakaniza kale, wopanda gluteni, ndinawaimbira bambo kuti akandithandize kusankha. Ndinkadziwa kuti kucheza angakane, koma ntchito sangakane.

Tili chinjutire pashelefu paja, panafika mayi wina wogwira ntchito m'sitolomo, akukankha ngolo ya makatoni.

"Agogo, umene mwatengawo ndi wa keke," anatero. "Wa buledi ndi uwu wa mzere wobiriwira. Muzionanso kachizindikiro aka, ngala ya tirigu yodulidwa pakati."

Bambo anamuyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi. "Mayi, ine ndinayamba kukanda ufa inu musanamere mano."

"Ndiye mupumula, agogo, chifukwa umenewu sukandidwa. Mumangotakasa."

"Buledi wotakasa," anatero bambo akudzuka, dzanja lili pabondo. "Tafika kumapeto kwa dziko." Koma paketi ya mzere wobiriwira ija anaiika okha m'basiketi, ndipo anakana kuti ndiwanyamulire.

Kunyumba kwanga anasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kutsuka zikhadabo ndi burashi. Beseni linali latsopano, chitini chatsopano, mthiko watsopano. Anathira madzi ofunda, mafuta ndi yisiti monga zinalembedwera, n'kuyamba kutakasa. Chimene chinatuluka chinali chinthu cholobodoka, chomatamata ngati phala la mwana. Anachitukula ndi mthiko, n'kuchiona chikugweranso m'beseni.

"Mtanda wopanda msana," anatero. "Ukaugwira suyankha. Wafa usanabadwe."

Zala zawo zinkangotseguka ndi kutsekeka pamwamba pa beseni, zikusowa chogwira. Apo kunja kunayamba kuwaza mvula, ndiye ndinathamangira pakhonde kukaanula zovala. Pobwera ndinapeza atathira kale mtanda uja m'chitini, atauphimba ndi nsalu, akuimba mluzu.

Buledi ameneyo anafufuma bwino. Fungo linadzaza nyumba mpaka aneba a khomo loyang'anana nalo anasuzumira. Bambo anadula okha, n'kundipatsa chidutswa chikutuluka nthunzi, ndipo ine ndinadya misozi ikulengeza m'maso. Ndinadya chachiwiri ndi chachitatu. Iwo anamwa tiyi wawo, n'kunena kuti amene anamanga masitepe a nyumba imeneyi analibe makolo. Tsiku limenelo ndinasangalala ngati mwana.

Pofika madzulo m'mimba munali mutayamba kupota. Kunja kusanade ndinali nditagona pansi m'bafa, thukuta lili kamukamu, mimba itatupa ngati ng'oma. Ndinakhala masiku angapo osapita kuntchito. Ndinkangoganiza kuti mwina fakitale inalakwitsa, kapena chitini sindinachitsuke bwino.

Amayi ndi amene anabwera kudzandisamalira, ndipo ndi amenenso anaulula. Anakhala m'mphepete mwa bedi, akupinda ndi kupindula mpango wawo.

"Ukukadziwa kachitini kaja kamene bambo ako amayenda nako m'thumba la jekete?"

Ndinkakadziwa. Kubekale kwawo ali ndi kachitidwe kawo: ufa wa lero sauphika wokha, amaponyamo kachidutswa ka mtanda wa dzulo. Wa dzulowo unalandiranso kwa wa dzana, mpaka kubwerera kwa anthu amene anawaphunzitsa ntchito, omwe anamwalira kalekale. Amati ndi umene umapatsa buledi moyo. Bambo ndi amene amasunga kachidutswako, ndipo sakasiya kubekale kuopa achinyamata angakataye potsuka.

"Ndinakapeza kopanda kanthu pochapa jekete," anatero amayi. "Nditawapanikiza anavomera. Akuti anatsinako pang'ono, kosakwana nsonga ya chala, kotsalako anakataya atamva kuti wadwala. Akuti anauona mtanda wako uli wakufa, ndiye anaumvera chisoni."

"Koma ndinawauza, Amayi. Ndinawauza kuti ngakhale nyenyeswa."

"Unawauza za ufa. Kwa iwo uja si ufa, mwanawe. Dzanja linangopita lokha."

Ndinapsa mtima. Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira, dzina lawo likuoneka, koma ndinangoiyang'ana mpaka inasiya. Sanaimbenso. Mkwiyo wanga unatha pamodzi ndi kutupa kwa m'mimba, koma pofika nthawi imeneyo chete anali atakhazikika pakati pathu, ndipo aliyense ankadikira mnzake. Ndikapita kwathu ndinkapeza ali kuntchito kapena akugona. Ndikawapeza, ankandipatsa moni ali patali, manja ali kumbuyo, n'kunena kuti zovala zawo zili ndi ufa.

Ndinayesa kuphika ndekha. Buledi wanga ankatuluka wolemera, wonyowa pakati, woti ukamugwetsera paphazi upita kuchipatala. Ndinkadyabe, nditaima pasinki, osafuna n'kukhala patebulo komwe. Buledi ndinali naye, koma chimene ndinkachifuna sichinali m'paketi. Ndinkafuna kumva munthu akupuma mwawefuwefu pamasitepe, akutukwana amisiri.

Patapita miyezi, ndinayamba kupeza ufa wa mzere wobiriwira uja utatha pashelefu. Ulendo woyamba ndinangobwerera. Ulendo wachiwiri ndinamufunafuna mayi uja, ndipo ndinamupeza akumata mitengo pamabotolo.

"Pepani, ufa wa buledi uja munasiya kuitanitsa?"

Anandiyang'ana, kenaka n'kuseka. "Si inu munabwera ndi agogo a magalasi aja? Akafunseni iwowo. Katundu akangofika, iwo atulukira, yunifomu ya kubekale ili m'thupi. Amatenga mapaketi onse, n'kuima pano kumandiuza kuti amene analemba malangizo akumbuyowa sanaonepo uvuni. Tsiku lina anandibweretsera chidutswa kuti ndilawe."

"Chinali bwanji?"

"Choyamba chija ndinangomeza mwaulemu. Koma cha sabata yathayi ndinapempha china."

Ndinatuluka m'sitolomo basiketi ili yopanda kanthu, n'kuwaimbira amayi ndili pamalo oimika magalimoto.

"Anandiletsa kukuuza," anatero amayi. "Koma poti wadziwa wekha, bwera udzatipulumutse. M'nyumba muno tikudya buledi wako m'mawa ndi madzulo. Woyambirira uja ngakhale galu wa aneba ankangomununkhiza n'kutembenuka. Panopa ndiye wayamba kukoma, koma ine ndatopa naye."

"Nanga bwanji osandibweretsera?"

"Wophikidwa m'khitchini mwathu muno, momwe ufa wa tirigu uli mpaka kudenga? Akudziwa kuti sungadye. Amangophika, n'kudula, n'kuyang'ana mkati, n'kupukusa mutu." Amayi anatsitsa mawu. "Ndinawauza kuti apite akaphikire kwako. Akuti manja awo sakuwakhulupiriranso."

Ndinaima pamenepo kwa nthawi, magalimoto akundizungulira. Kenaka ndinaimba nambala ya bambo. Anayankha msanga, ngati foni inali kale m'manja.

"Bambo, mwandimalizira ufa m'sitolo. Ine ndidya chiyani?"

Ndinkangomva phokoso la makina a kubekale chapatali.

"Loweruka mubwere nawo," ndinatero.

"Masitepe aja sanawachepetse?"

"Awonjezera."

"Anthu oipa," anatero, n'kudula foni.

Loweruka m'mawa ndinawamva akukwera, akupumira pansanja iliyonse. Nditatsegula chitseko ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti mukufuna ndani. Anali atameta mpala, ndevu za pamlomo zomwe ndinazidziwa chibadwire zitachoka. Malaya anali atsopano, mizere ya m'sitolo ikuonekabe, ndipo jekete sanavale. Zikhadabo anali atawenga mpaka pamnofu. Anandipatsira paketi ija ili m'jumbo, atagwira ndi zala ziwiri.

"Pukuta kunja kwake ndi nsalu yonyowa," anatero.

Ndinawakonzera malo pafupi ndi beseni, koma iwo anakoka mpando n'kuuika pakhomo la khitchini. Anakhala pansi, n'kulowetsa manja onse awiri kunsi kwa ntchafu zawo.

"Bambo, mwasambatu. Bwerani mudzaphike."

"Uphika ndiwe. Madziwo achepetse pang'ono, za papaketizo usazimvere. Aike pamkono. Akuwotcha?"

"Ayi, angofunda."

"Thira. Tsono takasa, osati mwaulesi choncho, Kabanzi, ukutakasa ngati ukupepesa. Zungulira mbali imodzi. Pitiriza mpaka uyambe kuwala."

Ndinatakasa mpaka phewa linawawa. Ndinkaona mapewa awo akugwedezeka motsatira mthiko wanga, koma manja sanawatulutse. Anandiuza kuti ndiusiye upume kaye ndisanauthire m'chitini, kuti ndinyowetse kumbuyo kwa supuni posalaza pamwamba, kuti ndiike kambale ka madzi pansi mu uvuni. Zonsezi papaketi panalibe. Anazipeza okha m'miyezi ija, mmene ine ndinkaganiza kuti andiiwala.

Podikira kuti upse, ndinawapangira tiyi. Apo ndiye anatulutsa dzanja limodzi, n'kumwa, n'kulibwezera pomwe linali. Tinakamba za mvula, za bondo lawo, za mnyamata watsopano wa kubekale amene amagona ataimirira. Za tsiku lija palibe anazitchula.

Fungo litasintha, ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti, "Mutulutse." Ndinamutulutsa, wofiirira bwino, pamwamba atang'ambika pang'ono.

"Muchotse m'chitini. Mutembenuze, pansi pakhale pamwamba. Bwera naye kuno."

Ndinamugwira ndi nsalu n'kupita naye pomwe anakhala. Ndinkayesa kuti tsopano amulandira, koma iwo anangopendeketsa mutu, n'kutchera khutu.

"Buledi wakupsa amamveka," anatero. "Gogoda pansi pakepo ndi chala."

Ndinagwada pambali pa mpando, n'kumufikitsa pafupi ndi khutu lawo, osamukhudzitsa. Ndinagogoda. Anamveka ngati chitseko cha chipinda chopanda katundu. Nthunzi inakwera n'kuphimba magalasi awo, moti maso sindinkawaonanso.

"Wapsa, Bambo?"

"Sindinamve bwino," anatero, manja ali kunsi kwa ntchafu, khutu likusendera pafupi. "Gogodanso."