Kaseti Yopita ku Kitwe

Esinati anali atagwada pakhonde, manja ali matope mpaka m'zigongono, pamene anamva belu la njinga kuseri kwa nkhokwe. Sanadzutse mutu. Dothi lozirira silidikira munthu. Ukalisiya pang'ono limauma n'kuyamba kung'aluka, ntchito yonse ya m'mawa n'kuyambiranso. Anali atazira theka la khonde, kuchokera pakhomo kulowera kumene kumakhala mtondo.

"Odi, amama."

"Odini, koma musaponde apa. Zungulirani uko."

Anali Agostino, mnansi wawo amene ankagwira ntchito ya ulonda ku Kitwe. Anabwera kumudzi kuno ku Zemba kudzaona bambo ake odwala, ndipo lero anali atamangirira kale chikwama kumbuyo kwa njinga. Anaima chapatali akukanda m'mutu ngati munthu amene mbuzi zake zadya m'munda wa eni.

"Amama, ndikubwerera lero. Tsono polongedza ndapeza ichi m'thumba la jekete. Anandipatsa ndi Tiyanjane."

Anatulutsa kaseti yokulunga m'pepala la shuga. Tiyanjane, mwana woyamba wa Esinati, anakwatiwa ndi mnyamata wa kumigodi komweko ku Kitwe, ndipo chipitireni nkhani zake zinkabwera motere, pakaseti, chifukwa mayi ake kuwerenga kunkawavuta.

"Mwabwera liti inu?" anafunsa Esinati.

"Sabata yatha ija."

"Ndiye mawu a mwana wanga akhala akugona m'jekete masiku onsewa? Ife tikupatsana moni m'njira, inu muli chete?"

"Ndinaiwala, amama. Koma nkhani yake ndi yabwino. Anandiletsa kuulula, akuti mumve nokha."

Esinati anayang'ana dothi, anayang'ana kaseti. Anailandira ndi nsonga ya chitenje kuti asaidetse, n'kuyamba kuthamanga kupita kwa achimwene ake a Yosiya, chifukwa pamudzi ponse wailesi ya kaseti inali ndi iwo okha. A Yosiya anali mkulu wa mpingo pa tchalitchi chaching'ono cha m'mudzimo, ndiponso ndiwo ankayang'anira alongo awo ndi ana awo onse. Wailesiyo ankaifunditsa nsalu yoluka ndipo munthu wina sankaigwira. Anatola mabatire amene anawayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu, anawaika mosafulumira, n'kudina batani.

"Amama, ndine Tiyanjane. Muli bwanji kumudziko? Ine kuno ndachira. Mwana wamkazi, wonenepa, tsitsi ngati la munthu wamkulu. Dikirani mumumve."

Kunamveka phokoso la nsalu, kenako kulira kwa khanda, kwaukali, kosapumira. Esinati analuluta mpaka nkhuku zinabalalika. Anavina pomwepo, matope akugwa m'manja. Felicia, mkazi wa a Yosiya, anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja n'kumuthandiza kululuta asanadziwe n'komwe chimene chachitika.

"Khalani chete, akuyankhulabe," anatero a Yosiya.

"Tsono amama, mvetserani bwino," mawu a Tiyanjane anapitiriza chapansipansi. "Bambo ake a mwanayu avomera kuti dzina mupereke ndinu. Koma apongozi anga ali pompano, ndipo lawo ali nalo kale, akuti Natasha. Akuti ngati amayi ako ali ndi dzina, ndilimve ndi makutu anga, mawu awo enieni. Kalata akana, akuti aliyense atha kulemba. Uthenga wapakamwa akananso. Ubatizo ndi Lamlungu loyamba la mwezi wa mawa. Agostino akabwera chimanjamanja, basi, mwana ndi Natasha."

Esinati anasiya kuvina. Lamlungu loyambalo linali lomwe likubwerali. Anatembenukira kwa Agostino, amene anali atabisala kuseri kwa njinga yake.

"Minibasi yomaliza ya ku Chipata imanyamuka pa boma dzuwa likangopendeka," anatero Agostino. "Ndikaiphonya, Lamlungu lindipeza m'njira."

"Ndiye tijambule pompano. Achimwene, kaseti yatsopano ilipo?"

Panalibe. A Yosiya anati angojambula pa yomweyo yabwerayi, koma Esinati anaitulutsa n'kuimangirira m'chitenje. Kulira kwa mdzukulu wake sikunali kofufuta. Anathamangira kunyumba kwake, anadumpha malo ozirawo, n'kukoka sutikesi pansi pa bedi. Makaseti akale anali atatha. Ina wailesi inaitafuna ndipo tepi yake inakamangidwa kudimba kuopseza mbalame, ina a Yosiya anajambulapo kwaya ya pa Pasaka osapempha. Inatsala imodzi yokha, yoyamba imene Tiyanjane anatumiza atangofika ku Kitwe, chaka cha chilala chija.

Pobwerera anapeza anthu atadzaza bwalo. Nthungululu zinali zitawaitana. Agostino anatafuna kapepala n'kutseka nako timabowo tiwiri ta pamwamba pa kaseti, chifukwa popanda kutero batani lojambulira limakana kulowa. A Yosiya anaibwezera poyambira ndi bolopeni posunga mabatire.

"Mlongo, tikajambula apa zakalezi zipita," anatero. "Sizibweranso. Umvereko komaliza?"

Asanayankhe anali atadina kale. Kunatuluka mawu a kamtsikana, onjenjemera. "Amama, kuno anthu sapatsana moni. Ndiwo zamasamba n'zogula. Chiyankhulo chawo sindikuchimva, ndikapita kumsika amandiseka. Ine ndikufuna kubwerera kwathu."

Esinati ankawadziwa mawu amenewo ngati pemphero. Chaka chimene chija ankabwera kudzawamvera mpaka a Yosiya anayamba kubisa mabatire. Lero anangomvera pang'ono. Kenako anatambasula dzanja n'kudina yekha batani loimitsira, n'kusiyapo chidindo cha dothi.

"Amene ankalirayo pano akutonthoza wake. Fufutani, mabatire akutha."

Anakokera mpando pafupi ndi wailesi, koma a Yosiya anakweza dzanja.

"Zinthu zili ndi dongosolo lake. Uku tikuyankhula ndi eni mwamuna, anthu a mtundu wina. Asamati kwa Tiyanjane kulibe akuluakulu. Tiyamba ndi pemphero, kenako malonje, dzina libwera pomaliza. Chachikulu chimatsekera."

"Achimwene, munthuyu ali paulendo."

"Ndinena mwachidule."

Esinati ankawadziwa achimwene ake, koma pamaso pa anthu sakanawatsutsa. A Yosiya anavula chipewa, anadina mabatani awiri pamodzi, kagetsi kofiira n'kuyaka. Anapempherera khanda, anapempherera mayi ake, bambo ake, migodi kuti isagumuke, ansembe a kumeneko ndi a kuno. Atati ameni anayamba malonje. Anapereka moni kwa apongozi a Tiyanjane ndi abale awo amene sanawaonepo. Anafotokoza mvula ya chaka chatha, mbozi za m'thonje, ng'ombe yakuda imene ikutsimphinabe, ndi denga la tchalitchi limene mphepo inasasula. Agostino anapatsidwa mbatata, anadya, anamaliza, n'kuyamba kuyang'ana kumwamba.

Esinati anaona kuti nthawi ilipo, anapita kukasamba m'manja. Anasinthanso chitenje n'kumanga duku wa kutchalitchi. Felicia anamuseka.

"Mlamu, kodi akuonani m'kasetimo?"

"Ndikuyankhula ndi asewere anga koyamba. Ndiyankhule ndili ngati ndatuluka m'dambo?"

Batani linadumpha lokha a Yosiya ali pakati pa nkhani ya malata. Mbali yoyamba inali itatha. Anatembenuza kaseti, ndipo Esinati anakonza kukhosi. Koma anthu anali ataima kale pamzere, ndipo pamudzi munthu amene wabwera kudzasangalala nawe sungamubweze. Mayi wina anawerama n'kunena kuti, "Tiyanjane, muli bwanji?" n'kukhala chete kudikira yankho mpaka anzake anamukoka. Mkulu wina wosamva bwino anakuwa ngati akuitana munthu ali kutsidya kwa mtsinje, n'kupempha kuti amutumizire nsapato zakale za kumigodi. Aliyense ankayamba ndi kudzitchula dzina, la bambo ake, ndi kufotokoza nyumba yake ili pati, ngati Tiyanjane sanakulire pomwepo.

"Fulumirani, inu," Esinati ankangoti. "Moni yekha, basi. Matenda anu mudzanena ulendo wina."

Potsiriza Felicia anasonkhanitsa amayi a kwaya kuti aimbire khanda. Nyimbo inakoma, anthu anaomba m'manja, Esinati nayenso mapazi anamuyabwa n'kulowa m'bwalo. Anaibwereza. Akuyamba kuibwerezanso, kunamveka kuti tha. Batani linali litadumpha.

A Yosiya anatulutsa kaseti n'kuiyang'ana padzuwa. Tepi yonse inali itapita mbali imodzi.

"Yadzaza," anatero.

"Dzina lija mwanena?" anafunsa mkulu wosamva uja.

Agostino anali atachotsa kale njinga pamtengo. "Amama, ine ndikuyenera kunyamuka. Msewu wa ku boma mukuudziwa, mchenga wokhawokha."

"Tibweze pang'ono, tifufute nyimboyi," anatero a Yosiya akufunafuna bolopeni.

"Nyimbo yathu ayi," anatero Felicia. "Fufutani za nsapatozo."

"Wati chiyani?" anafunsa mwini nsapato. Atamufotokozera anakana kwamtuwagalu. Mayi wodikira yankho uja anati moni wake ndi waufupi, sakulakwira munthu. Aliyense anayamba kuteteza mawu ake, ena akuloza anzawo kuti ndiwo anatalikitsa. Bolopeni inali itasowa, wina ataikhalira.

Esinati anayang'ana dzuwa, anayang'ana kaseti ili m'manja mwa achimwene ake. Mbali yachiwiri ikatha, ukangotembenuza umapeza poyambira pa mbali yoyamba, popanda kubweza chilichonse. Zimenezo ankazidziwa, anali ataonera kokwanira. Anaitsomphola, anaitembenuza, anailowetsa, n'kukanikiza mabatani awiri aja ndi zala zonse. Kagetsi kanayaka mofooka.

"Asewere, ndine Esinati, amake Tiyanjane. Mumafuna mawu anga, ndi amenewa."

"Mlongo, ukufufuta pemphero," anatero a Yosiya ataimirira.

"Amene mukuwamvawo ndi achimwene anga, apemphera kale, zikomo. Mwanayo dzina lake ndi Elizabeti. Ndibwereze kuti pasakhale zoti sitinamve. Elizabeti. Linali dzina la amayi anga, amene anamulera Tiyanjane ine ndili kumunda. Natasha wanuyo ndi dzina labwino, musalitaye, musungire wotsatira, anawa akadali aang'ono. Tsono iwe Tiyanjane, mwana asamagone ndi njala poti ukuchita manyazi ndi alendo. Uzidya, uzimwa thobwa ngati kumeneko liliko. Apongozi ako uziwamvera, kupatula pa dzinali. Ukapeza wojambula zithunzi unditumizire, koma usapatsenso munthu wa jekete."

Anthu anaseka, Agostino anagwira kumaso. Esinati anaimitsa. Anatembenuka kudikira mkwiyo wa achimwene ake, koma anawapeza atakhalanso pampando, chipewa chili pabondo.

"Elizabeti," anatero a Yosiya pang'onopang'ono. "Amayi." Anapukuta m'maso ndi chipewa chomwecho. "Ukanandiuza poyamba, mlongo."

"Munandipatsa mpata?"

"Koma pemphero lija linali labwino."

"Mwini wake analimva kale. Sankadikira kaseti."

Bolopeni inapezeka. Agostino anapukusa tepi mofulumira kuti ayese ngati zalowa. Wailesi inakoka mawu ngati munthu wodzuka kutulo, koma onse anamva bwinobwino: ndine Esinati, kenako kudandaula kwa a Yosiya, kenako dzina, kawiri konse. Itangodutsa pamenepo inalira chapansi n'kuzima. Mabatire anali atatheratu.

"Kumagetsi a ku Kitwe mawu anu akamveka othamanga, ngati a kamwana," anatero Agostino. "Mwajambula mabatire atafooka."

"Amveke ngati a mbalame, bola dzina alimve. Bweretsani kuno."

Sanalole kuti kaseti ilowe m'jekete. Anaikulunga m'pepala la shuga lija, anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chakale, n'kuimangirira pa mkono wa Agostino, mfundo ziwiri zolimba.

"Musamasule mpaka mutaima pakhomo pawo. Posamba muzikweza mkono."

Agostino anapalasa njinga akuseka, fumbi lili koboo kumbuyo. Esinati anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota pa munda wa thonje. Amayi a kwaya anali atayambiranso nyimbo yawo, ndipo Felicia anamuitana kuti agogo a Elizabeti abwere pakati.

"Ndikubwera. Ndione kaye khonde langa."

Analipeza monga ankaopera. Dothi la m'beseni linali litauma pamwamba, mbali yozira inali itang'aluka, ndipo nkhuku zinali zitayendapo kuchokera uku mpaka uko. Penapake panali phazi lake lomwe, pamene analephera kudumpha bwino. Anavula duku wa kutchalitchi n'kumupachika pa msomali. Kaseti ya kulira kwa mwana anaiika pawindo, patali ndi madzi. Anathira madzi m'beseni, anakanda dothi mpaka linafewa, anagwada pamene anasiyira paja n'kuyamba kuzira, mapewa akugwedezeka motsatira nyimbo ya kubwaloko.