A Stanford Apita ku Sikelo

Mwezi wa Meyi ukamayandikira, mtima wa mayi Harriet a ku Wusakile sukhala m'malo. Amuna awo, a Stanford, anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka kupuma, ndipo fumbi la kumeneko linawasiyira chifuwa chosatha. Chaka chatha chimfine chinawagwetsa mpaka kugonekedwa m'chipatala, akupuma ngati mvukuto. Chaka chino nkhawa inali pawiri, chifukwa mwana wawo Nelia anali atabwera kuchokera ku Ndola kudzachirira kwa mayi ake. Khanda linali kuyembekezeka m'kati mwenimweni mwa nyengo yozizira.

Kutchalitchi atalengeza kuti kukiliniki ya mabanja kwabwera katemera wa chimfine, Nelia ndi mayi ake anakabayitsa. Koma a Stanford anakana kwamtuwagalu. Ankati chifuwa chawo amakachijambulitsa chaka ndi chaka kumene amayeza anthu akale a mumgodi, komanso anabayidwa kale chaka chatha atachira. Nanga mwamuna amene ankaswa matanthwe akakhale pabenchi ndi azimayi a sikelo?

Mayi Harriet ankawakonda amuna awowo, ndi liuma lawo lomwe. Sanalimbane nawo. Anangoti, "Chabwino, koma mukayamba kukhosomola, mwana muzamuonera chabe pa windo."

A Stanford anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Munthu anali atasankha kale dzina la mdzukulu, n'kulengeza kwa anzake onse a pabawo. Tsiku la sikelo litafika, mayi Harriet ananamizira bondo, n'kuwapempha kuti aperekeze Nelia ndi kumunyamulira chikwama. Mayiwo anatsatira pang'onopang'ono m'mbuyo, akutsimphina pokhapokha amuna awo akacheuka.

Kukiliniki, namwino Unity, amenenso anali mwana wa munthu wa mumgodi, anamvetsera zifukwa zonse za a Stanford zokanira katemera mwaulemu. Kenaka anawafunsa ngati agogo ake, "Ba shikulu, mukangena pansi pa mgodi, denga munali kuligogoda kangati kuti muone ngati mwala siuzagwa?"

"Shifiti iliyonse, mukwai," anayankha mwaulemu koma motukula chifuwa.

"Olo kuti munagogoda dzulo?"

"Mwala wa dzulo si wa lelo, mwana wanga. Wamene akamba ati ninagogoda kale, uyo timamunyamula..." Apa anazindikira kuti adzitchera okha msampha. Anayang'ana akazi awo, amene anali kalikiliki kukonza duku ngati sakumva kanthu.

Namwino anafotokoza modekha kuti tizilombo ta chimfine timasintha chaka chilichonse, n'chifukwa chake katemera naye amakhala watsopano. Kujambula chifuwa n'kofunika, koma kumangoonetsa mmene mapapo alili, sikutchinga matenda. Anati katemerayu sayambitsa chimfine, ngakhale mkono ungawawe pang'ono, ndipo amatenga milungu iwiri kuti agwire ntchito. Munthu angadwalebe, koma nthawi zambiri matenda safika poipa. Ndipo khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi silibayidwa, choncho amaliteteza ndi anthu amene amalinyamula.

A Stanford anapinda malaya okha, n'kuyang'ana kukhoma ngati pali nkhani yofunika kumeneko. Jekeseni atatha, anafunsa ngati namwino wayamba kale. Azimayi a pabenchi anaseka, ndipo mayi Harriet anabwerera kunyumba bondo litachira.

Mwana anabadwa mu Juni, mphepo ili pachimake. Anzawo a Stanford awiri a pabawo anagonekedwa m'chipatala ndi chimfine mwezi womwewo, koma iwo anangodwala kachimfine masiku owerengeka. Anadzipatula okha, akusamba m'manja pafupipafupi, mpaka atapeza bwino. Mmawa wina mayi Harriet anawaikira khandalo m'manja. Misozi ili mbwembwembwe, a Stanford anam'tcha Wilfred, dzina la malemu bambo awo. Mayi Harriet anasangalala kwambiri moti anathawira kukhitchini kukalirira kumeneko.

Katemera wa chimfine ndi wa chaka chilichonse, nyengo yozizira isanafike. Okalamba, amayi oyembekezera ndi onse a matenda a m'chifuwa, a mtima kapena a shuga, funsani kukiliniki yanu. Mukadziteteza, mwatetezanso wamng'ono amene sangabayidwe.